Battlefield 6 isanafike, konzani kaye gulu lanu la mu kasinja

Izi ndinazilemba mu 2025 gemu ya nkhondo ya Battlefield 6 isanatuluke, ndiye muziwerenge ngati za nthawi imeneyo. Pa 10 October 2025 Battlefield 6 ikutuluka ndipo mu gulu lathu la pa WhatsApp anthu sakugonanso, wina akuponya ka trailer komweko kachisanu, wina akuti iye tsiku loyamba lomwelo akwera ndege ya nkhondo pomwe tonse tikumudziwa kuti ngakhale jipi imamugonera chammbali. Ine ndangoti ndilembe zomwe ndakhala ndikuwauza anyamata pakamwa, chifukwa pakamwa amangoti eya eya kenako akalowa mu gemu aliyense wathamangira kwake ngati nkhuku zotsegulira khola mmamawa.

Nkhani yanga ndi imodzi basi. Kasinja si njinga ya kabaza yoti munthu mmodzi wakwera wanyamuka. Kasinja ndi minibasi. Pamafunika dalaivala, pamafunika wina woyang'ana kunja ngati kondakitala, pamafunikanso makaniko woti akamva kaphokoso kachilendo watsika kale ndi sipanala. Mukafuna kudzasangalala ndi gemu imeneyi, anthu amenewa muwapeze panopa, osati usiku wa pa 10 October aliyense ali pa 2% ya download.

Koma tiyambe ndi zowawazo kaye kuti zichoke. Gemu imeneyi ikubwera pa PS5, pa Xbox Series X ndi S, ndi pa PC. Pa PS4 kulibe, ndiye anzanga amene mukusungabe ka PS4 kanu ka ku Joni kaja musadzanamizidwe ndi munthu mtauni kuti ali ndi disiki yake, palibe. A pa PC inu lowani mu BIOS muyatse Secure Boot, popanda imeneyo pulogalamu yawo yoletsa kubera yotchedwa Javelin sikulolani kulowa, nthawi ya beta, yoyesera gemu isanatuluke, mu August 2025 anthu ambiri anakakamira pomwepo. Mtengo ndi madola 69.99 ya wamba, ndipo nkhani ya madola kuno sindikufunika kukuuzani, chichokereni November 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44% chilichonse chogula ndi khadi pa intaneti chimafuna kupempherera kaye. Ambiri timadalira m'bale wathu wa kunja atigulire gift card, ingoonetsetsani kuti khadiyo ndi ya dziko lomwe akaunti yanu inatsegulidwira, ya ku South Africa sigwira pa akaunti ya ku America. A pa PS5 musaiwalenso PS Plus, kusewera pa intaneti kumafuna imeneyo.

Download ndi ma GB makumi angapo, osati za bandulo ya tsiku. Preload ikatsegulidwa masiku angapo gemu isanatuluke, nyamulani makinawo mupite nawo kwa mnzanu amene ali ndi faiba kapena Starlink, yomwe inafika kuno mu 2023, mugulireko ka Fanta ndi chipisi, isiyeni usiku wonse. Ndipo posewera lumikizani ndi chingwe cha LAN kuchokera pa rauta, Wi-Fi yodutsa makoma awiri a njerwa ndi imene imakupangitsani kuona ngati kasinja wanu akudumphadumpha. Mukaona server ya ku South Africa lowani imeneyo. Za ku Ulaya ping, nambala yosonyeza kuchedwa kwa netiweki, imapitirira 150, ndipo apa ndi pomwe pali chinsinsi chomwe anthu sachiona: ndi ping yoteroyo, kulimbana ndi munthu wa ku Frankfurt maso ndi maso pakhonde ndi mfuti yaing'ono mumaluza musanamuone nkomwe, koma mu kasinja zinthu zimayenda pang'onopang'ono, chipolopolo chimodzi kenako kudikira kuti china chilowe, ndiye kuchedwa kwa netiweki sikupweteka kwambiri. Ife a kuno magalimoto ndiwo munda wathu.

Tsopano gululo. Mu Battlefield 6 squad ndi ya anthu anayi, ndipo makalasi anayi akale aja abwerera, Assault, Engineer, Support ndi Recon. Amene munasewera Battlefield 2042 itangotuluka mu November 2021 mukukumbukira chisokonezo chija, anachotsa makalasi n'kuika ma specialist, anthu 128 pa mapu aakulu ngati esiteti ya fodya, aliyense akungothamanga yekha, mpaka mu 2023 anawabwezeretsa makalasiwo anthu atadandaula mokwanira. Ulendo uno abwerera pa anthu 64, 32 mbali iyi 32 mbali inayo, monga zinalili mu Battlefield 4. Zimenezi zikutanthauza kuti anthu anayi omvana akhoza kutembenuza gemu yonse.

Gawanani ntchito musanalowe, ndipo mugawane moona mtima. Dalaivala asakhale amene ali ndi kontirola yokongola kapena mwini wake wa nyumba yomwe mwakumanamo, akhale munthu woleza mtima, amene amatha kubwerera m'mbuyo osamva manyazi. Kwathu dalaivala ndi alamu anga, munthu wamkulu wa ana atatu, amayendetsa kasinja ngati mmene amayendetsera galimoto yawo pa mseu wa ku Area 25 nthawi ya mvula, kuzemba dzenje lililonse, ndipo poyamba tinkawaseka kuti alamu mukuopa chani ndi gemu iyi, koma ndi iwo amene amatha raundi yonse kasinja ali moyo. Wachiwiri amakhala pa mfuti ya pamwamba. Wachitatu ndi Engineer, ife timangomuti makaniko. Wachinayi amayenda pansi pafupi ndi kasinja, akhoza kukhala Support wodzutsa anzake ndi kupereka zipolopolo, kapena Recon woona patali.

Mukaganiza bwino ngakhale akasinja enieni ndi choncho. M1 Abrams wa Amereka amakwera anthu anayi, wolamula, wowombera, wolonga zipolopolo ndi dalaivala, pomwe T-90 wa ku Russia amakwera atatu chifukwa kulonga kumachitika ndi makina. Palibe dziko lomwe linapanga kasinja wa munthu mmodzi n'kumutumiza kutauni yekha. Koma mu gemu mupeza mfana wadumphira mu kasinja raundi ikungoyamba, anzake akumuthamangira pambuyo akuimba mluzu, iye osaima, ulendo.

Ndikuuzeni mmene ine ndinaphunzirira, chifukwa mfana ameneyo ndinali ine. Inali Battlefield 4, mapu a Golmud Railway, aja a chigwa chachikulu chokhala ndi sitima yoyenda yomwe nayonso ndi mbendera, kutanthauza malo omwe matimu amalandana. Ndinali ndapha anthu asanu ndi awiri motsatizana, mutu unali utakula, msuweni wanga ali pa mfuti ya pamwamba akundiuza kuti aise tiime pano pa chitunda tikuona bwino. Ine ayi, ndinaona kadontho kofiira kakulowa pakati pa nyumba zija za kumudzi ndiye ndinakatsatira. Kulowa mkati njira yopapatiza, kumanja khoma kumanzere khoma, mfuti yaikulu kuti itembenuke ikukhula nyumba. Makaniko wathu ndinali nditamusiya kumbuyo akuthamanga wapansi akutukwana. Kenako ndinangomva kaphokoso kaja, tchwa, tchwa, tchwa, katatu, munthu akumata mabomba a C4 kumatako kwa kasinja, msuweni wanga anangoti "tsika" koma chala chinali chisanafike pa batani. Phuu. Tonse awiri. Ndipo chowawa sichinali kufako, chinali chakuti kasinja wina anatenga nthawi kuti abwere, adani analanda mbendera ziwiri, matikiti athu, mapointi omwe akatha timu yaluza, anayamba kutsika ngati mayunitsi a magetsi mutayatsa kuka ndi ayironi nthawi imodzi. Msuweni wanga sanandilankhule mpaka tinamaliza kudya nsima.

Ndiye dalaivala imvani. Chitsulo cha kasinja ndi chokhuthala kutsogolo, m'mbali ndi chapakati, kumbuyo ndi kofewa. Mphuno yanu iziloza komwe kuli adani nthawi zonse, ndipo pothawa musatembenuke, bwererani ndi rivesi mphuno ikuyang'anabe komweko. Musanapite pena paliponse dzifunseni kuti zikavuta ndibisala kuti, chitunda chiti, nyumba iti, ndipo ngati yankho palibe musapiteko. Malo abwino ndi kuseri kwa kachitunda komwe thupi la kasinja labisika, kukuoneka mutu wokha ndi mfuti. Mwawombera kawiri katatu, bwererani, sinthani malo pang'ono, tulukiraninso pena. Mukakhala malo amodzi nthawi yaitali wina akuikani chizindikiro ndipo ndege kapena roketi ikupezani. Utsi musamauwononge mwachisawawa, ukatuluka umatenga nthawi kuti ubwerenso, usungeni mpaka mutamva kulira kuja kosonyeza kuti wina wakulokani. Ndipo maso pansi, makamaka pa milatho, pa mphambano ndi polowera mbendera, mabomba okwirira amaikidwa pomwe aliyense amadutsa. Kudutsa m'munda ndi bwino kusiyana ndi kudutsa pa tara.

Kutauni, ngati mapu a Siege of Cairo omwe tinawaona mu beta, kasinja asamatsogole. Apansi atsogole, kasinja pambuyo pawo mamita ochepa, iwo akuyeretsa mawindo ndi madenga, inu mukugwetsa khoma lomwe akulozerani. Mu Battlefield nyumba zimagumuka, chiyambire Bad Company 2 mu 2010 anthu timaikondera zimenezo, ndiye munthu akabisala m'chipinda chapamwamba simufunika kumusaka, chotsani chipindacho.

Wa pa mfuti ya pamwamba, ntchito yanu si kupikisana ndi dalaivala kupha anthu. Dalaivala akuyang'ana kutsogolo, inu yang'anani kwina konse, kumbuyo, m'mbali, m'mwamba. Munthu wa C4 sabwera kutsogolo. Muzizungulira ngati kondakitala amene diso lina lili pa pasenja diso lina lili pa apolisi apamsewu. Chilichonse chomwe mwaona chiikeni chizindikiro, batani la spot lija lizitha utoto, chifukwa mukaika chizindikiro timu yonse ikuona, osati inu nokha. Ndipo musamangowombera mpweya chifukwa chotopa, kuwombera kulikonse kukuuza adani pomwe muli.

Makaniko ndiye munthu amene sayamikidwa koma ndi amene amagwira gemu. Lamulo loyamba, konzani mutaima mbali yomwe kulibe adani, kasinja akhale chishango chanu. Lachiwiri, musaime kumbuyo kwenikweni, chifukwa dalaivala akadzidzimuka amabwerera ndi rivesi ndipo mudzapezeka pansi pa matcheni, izi zatichitikira kambirimbiri moti alamu anga pano amayamba afunsa kuti "muli kuti achimwene" asanabwerere. Lachitatu, musadikire kuti kasinja ayambe kuyaka. Akangomenyedwa kamodzi, dalaivala abwerere pobisika, inu tsikani, konzani, kwerani. Akasinja awiri akakumana, wopambana nthawi zambiri si wodziwa kuwombera, ndi amene ali ndi munthu kumbuyo akuwotcherera. Ndipo poti Engineer amanyamulanso roketi, kasinja wa adani akatanganidwa ndi dalaivala wanu, inu zembani m'mbali mukamumenye kumbuyo kofewa kuja.

Mu Battlefield 6 aikamo zinthu ziwiri zomwe zikundisangalatsa kuposa ma graphics. Choyamba mukhoza kukoka mnzanu amene wagwa, kumukokera pobisika uku mukumudzutsa, ndiye makaniko akagwa pambali pa kasinja wachinayi uja amukokere kuseri m'malo momudzutsira pa mbalambanda kuti afenso kachiwiri. Chachiwiri mukhoza kudziphatika kunja kwa galimoto n'kumapita nayo ngakhale mipando yadzadza, ndendende matola a pa lole yopita ku Mitundu tsiku la msika. Ndiye nkhani yosiya anzanu akuthamanga wapansi ilibenso chowiringula.

Tsopano chilankhulo, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe magulu ambiri amagwera. Muyenera kumamvana ndi mawu, kaya ndi party chat ya PlayStation, kaya Discord yomwe pa PS5 inayamba kugwira mu 2023, kaya kungoimbirana pa WhatsApp foni ili pambali ngati wina ali pa PC wina pa Xbox, poti crossplay ilipo. Koma kukhala ndi maikolofoni si kulankhulana. Ndamvapo anthu akukuwa kuti "uyo uyo uyo aise uyo!" Uyo kuti? Pomwe ukumufunsa kuti kuti, wafa kale. Gwirizanani mawu ochepa, aafupi, ndipo tanthauzo lake likhale limodzi. Ife timatchula chinthu kaye, kenako mbali, kenako malo. "Roketi, kumanja, padenga." "Kasinja, kutsogolo, pa mbendera C." Kumanja ndi kumanzere timawerengera mphuno ya kasinja, osati komwe iwe wayang'ana, izi tinakanganapo sabata yathunthu. "Bwerera" ndi lamulo, aliyense mu gulu akhoza kulinena ndipo dalaivala safunsa chifukwa, amabwerera kaye mafunso pambuyo. "Ndatsika" akutero makaniko, ndiye dalaivala sasuntha. "Tiye nayo" ndiye kuti wakwera, ngati kondakitala wamenya chitseko. "Tsika" ndiye kuti zatha, dzipulumutse.

Pa "tsika" pomwepo pali kankhani. Mukatsika kasinja asanaphulike, adani akhoza kumutenga, kumukonza, n'kuyamba kukuphani ndi katundu wanu yemwe, ndipo mbali yanu imakhala yoperewera mpaka ataphulika. Ndiye ngati mukutsika onetsetsani kuti akuyakadi, apo ayi makaniko amumalize yekha ndi roketi. Kuli bwino kufera momwemo kusiyana ndi kupatsa adani mphatso.

Ubwino wathu wina ndi woti timalankhula Chichewa, mawu athu ankhondo ndi aafupi ndipo munthu akakuwa kuti "thawa" thupi limamva lisanaganize. Koma nkhani za mpira, za Bullets ndi Nomads, za amene sanabweze ngongole, zidikire pa loading screen. Ndiponso amene muli ndi ana kapena tambala pafupi ndi windo, phunzirani pomwe pali batani la mute chonde.

Za helikopita sinditaya nthawi yambiri. Ngati simunaphunzire musakwere pa mpando wa pailoti mu gemu ya anthu 64, mukaphunzire kaye kumalo oyeserera kapena pa server yopanda anthu, chifukwa kugwetsa helikopita yodzadza anzanu pa phiri loyamba ndi mlandu womwe sukhululukidwa msanga. Amene mukuitha, mfundo ndi zomwe zija: wowombera wanu ndiye maso, ma flare ndi ngati utsi musawataye, mwamenya bwererani kuseri kwa phiri. Ndipo helikopita yonyamula anthu ntchito yake ndi kutula squad kuseri kwa adani pa mbendera yopanda mlonda, osati kuzungulira pakati pa mapu ngati khwangwala.

Jipi anthu amaipeputsa koma mu Conquest, masewero olandana mbendera, imawinitsa. Mmene gemu imayendera, mbali yomwe yagwira mbendera zambiri imapangitsa matikiti a anzawo kumatsika okha, ndiye anthu atatu mu jipi ozungulira m'mphepete mwa mapu kukalanda mbendera yakumbuyo amathandiza kuposa sniper amene wagona paphiri raundi yonse n'kupha anthu anayi. Musananyamuke imbani hutala, dikirani masekondi asanu, wina akwera.

Nanga muyeserera pati poti gemu sinatuluke? Battlefield 4, ya 2013 yomwe ija. Pa PS4 ikugwirabe, pa PS5 imaseweredwanso, pa PC ilipo ndipo nthawi zambiri imatsitsidwa mtengo, madisiki ake akale amapezeka mwa anyamata ogulitsa magemu mtauni. Zambiri zomwe ndanenazi, kumbuyo kofewa, kukonza, utsi, spot, zonse zilimo. Komanso mapu a Operation Firestorm, omwe anayambira mu Battlefield 3 mu 2011 n'kudzabweranso mu Battlefield 4 kudzera mu DLC, paketi ya mapu oonjezera, ya Second Assault, akubwereranso mu Battlefield 6. Ndi aja a chipululu okhala ndi mafakitale a mafuta akuyaka, malo otakasuka a akasinja ndi ndege, ndiye amene muli ndi DLC imeneyo yendanimo mudziwe misewu ndi zitunda, ngakhale asintha zina mafupa ake ndi omwewo. Chitani madzulo awiri pa sabata, aliyense pa mpando wake, kenako tsiku lina sinthanani kuti dalaivala alawe kukhala makaniko wosiyidwa pambuyo. Akalawa kamodzi sadzakusiyaninso.

Ndipo konzekerani za magetsi, chifukwa October ndi October, kutentha kwa Lilongwe kuja kofika poti PS5 ikulira ngati ndege yomwe ili pa sikirini. Iikeni pamalo opita mphepo, osati mkati mwa kabati ya TV, ipukuteni fumbi. Rauta ikhale pa ka UPS kapena pa power bank, ndipo gwirizanani kuti dalaivala akazimiridwa magetsi wa pamwamba asinthe mpando nthawi yomweyo n'kubweza kasinja kumbuyo. Tsiku lina alamu anga anangoti zii pakati pa nkhondo, kasinja ataima pa mtetete mfuti italoza kumwamba, ife tikukuwa kuti alamu bwererani alamu bwererani, patapita mphindi ziwiri meseji pa WhatsApp, "athimitsa kuno." Kuyambira pamenepo wa pamwamba amadziwa kuti dalaivala akakhala chete masekondi atatu, chiwongolero ndi chake.

Sabata yoyamba gemu ikatuluka musadzayembekezere zambiri. Battlefield 4 itatuluka mu 2013 inavuta miyezi ingapo, ma server akugwa, 2042 nayonso inayamba moipa, ndiye mukadzaona mzere wautali polowa kapena patch ina yaikulu tsiku lachiwiri musadzaswe kontirola, ndipo ka bandulo kapadera kakhale pambali. Masiku oyambawo aliyense adzakhala akulimbirana magalimoto, ana a dziko lonse akufuna kulawa kasinja, ndiye mukalephera kumupeza musakwiye, makaniko ndi wa pamwamba akwere mwa munthu wachilendo amene wamutenga, mumukonzere, mumutetezere kumbuyo. Nthawi zambiri munthu uja akaona kuti sakufa amayamba kukudikirani yekha, mwina mpaka friend request. Poyamba magalimoto amakhala opanda zida zambiri, zimatseguka mukamasewera, ndiye limbikirani mtundu umodzi wa galimoto m'malo molawa paliponse.

Ife Loweruka lino tikukumana kwa alamu ku Area 25 cha m'ma 3 koloko, ma TV awiri pabalaza, wina abweretsa ekisitenshoni chifukwa ya kumeneko inapsa. Msuweni wanga wanena kale kuti iye pa mfuti ya pamwamba sachokapo, ndipo ine andiika pa umakaniko mpaka pa 10 October, akuti nkhani ya ku Golmud ija sinathe.